Ndinavota Inki Isanafike

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa ngati chilonda cha pamalo osaonetsa anthu. Koma poti ku Chiuaula, bairo yathu, kapena kuti dera lathu, aliyense akuidziwa, ndipo ena akumaifotokoza moonjezera mchere ndi tsabola, bola ndiinene ndekha. Mukamaseka, sekani mwaulemu. Ndine munthu wamkulu.

Dzina langa ndine Jervazio. Ndinabadwira kuno ku Lichinga, koma nditati ndinakulira kuno ndiye kuti ndawanamizira mapazi anga. Ndakonzapo mawailesi ku Mangochi, ndagulitsapo mawotchi ku Songea, ndasokapo nsapato ku Beira, ndipo ku Joni ndinalondera geti la nyumba imene mwiniwake sindinamuonepo. Paliponse ndikakhala miyezi isanu ndi umodzi, kuphazi kumayamba kuyabwa.

Sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu. Zotsalazo ndinaphunzira pa wailesi, m'manyuzipepala okulungira nsomba, komanso m'buku lina la malamulo limene ndinalitola ku Cuamba, lopanda chikuto, loyambira pakatikati pa chiganizo. Zimene zinali m'masamba oyambirirawo ndimangoganizira.

Chaka cha chisankho cha pulezidenti chija ndinabwerera kwathu, mawondo atayamba kudandaula. Ndinafikira kwa achemwali anga, a Filomena, ndi amuna awo, alamu anga a Matewu.

Alamuwa anagwira ntchito kukhoti mpaka kupuma, yonyamula mafayilo ndi kuitana mayina a mboni. Ndi munthu woti ngakhale popita kukakumba mbatata amavala jekete. Mnzawo wapamtima ndi Che Saidi, wogulitsa nsomba zouma, wochokera kunyanja. Wina amagwira korona, wina tasibi, koma pa chinthu chimodzi ankagwirizana kwathunthu: dziko lamasuka zomangira.

Masana aliwonse tinkakhala atatu pansi pa mtengo wa mapichesi, wailesi ili pakati, n'kumakonza dziko.

"Ine sindivotera nkhope," alamu ankatero. "Sindivotera malaya aulere kapena nyimbo za pagalimoto. Ndimavotera dzanja limene lidzasaine mayina a oweruza akuluakulu. Pulezidenti amabwera n'kupita, koma woweruza amene wamukhazika amatsala ngati msomali m'khoma."

"Wallahi, n'zoona," Che Saidi ankavomereza. "Atipatse munthu wa imvi, woti anaikapo kholo lake m'manda. Osati tianyamata toweruza mlandu diso lili pafoni."

Apa ine ndinkaloweramo ndi mphamvu zanga zonse. Ndinkawauza kuti ndaona maiko anayi ndi maso angawa, ndipo konseko matenda ndi amodzi: munthu akangowina, mpando wa woweruza amaupereka kwa mphwake. Ndinkati lamulo liwerengedwe monga linalembedwera, osati monga woweruzayo akanakondera likadalembedwa. Ndinkakumbutsa za kale, pamene woweruza ankati akamadutsa pamsika anthu ankatsitsa mawu, ndipo iye sankalandira ngakhale nthochi yopatsidwa mwaulemu. Zoona zake, ine woweruza wakaleyo ndinangomuonapo kamodzi, chakumbuyo, akukwera galimoto. Koma ndinkamufotokoza ngati tinkadyera mbale imodzi.

Achemwali ndi amene ankatithira madzi ozizira. Ankadutsa ndi lichero la nyemba n'kuponya mawu osaima n'komwe.

"A imvi anuwo si omwe analanda munda wa mayi wamasiye uja n'kuupereka kwa abale a mwamuna? Imvi ndili nazo inenso, bwanji simundiika?"

"Filomena, izi n'zakuya," alamu ankayankha mofatsa.

"Zakuya ngati mphika umene mukudikirawo."

Tsiku lina alamu anazimitsa wailesi, n'kundiyang'ana.

"Alamu, pabwalo la milandu la m'bairo muno pali mpando wopanda munthu. Mkulu amene ankakhalapo uja anasamukira kwa ana ake ku Lione. Loweruka lotsatira chisankho anthu asonkhana kuti asankhe wina. Ine ndikufuna kutchula dzina lanu."

Bwalo limenelo si lalikulu ayi. Milandu yake ndi ya malire a mapuloti, mbuzi zodya kabichi wa eni, ndi apabanja otayirana zovala panja. Koma ine mtima unagunda ngati andiitana kulikulu. Zaka zonsezi ndakhala mlendo paliponse, munthu woti akachoka palibe wofunsa kuti wapita kuti. Tsopano pakhale mpando wodikira ineyo Lachinayi lililonse, anthu n'kumati "a juwizi afika", kutanthauza woweruza! Kwa nthawi yoyamba kuphazi kunasiya kuyabwa.

"Karitawu, khadi lovotera lija, muli nayo, eti?" alamu anafunsa ngati mongodutsa.

Ndinasisita thumba la pachifuwa. "Ili pamtima pomwe."

M'thumbamo munali tikiti yakale ya sitima ndi singano.

Chinachitika n'chakuti pa nthawi ya kalembera ndinapita ku Mandimba kukakhala masiku awiri. Kumeneko ndinapeza chigayo chofuna kukonza, kenaka wailesi ya mwini chigayo, kenaka njinga ya mlamu wake. Masiku awiri anasanduka miyezi iwiri. Pobwera ndinapeza olembera anapinda matebulo kalekale. Ndiye munthu amene ndinkaphunzitsa bairo yonse kufunika kwa voti, ndinalibe voti.

Ndikanangoulula tsiku lomwelo pansi pa mapichesi. Koma mpando uja unali utandikhala kale m'mutu.

Tsiku la chisankho alamu anadzuka m'mamawa, jekete, chipewa, ndi kampando kopinda m'manja. Achemwali anawatsatira atamanga kapulana, chitenje chawo chatsopano.

"Achimwene, tiyeni!"

"Tsogolani, m'mimba mwandipotokola pang'ono. Ndikupezani."

Nditatsala ndekha ndinayamba kuganiza. Madzulo aliyense adzakhala ndi chala chodetsedwa ndi inki ija imene amakunyika ukavota. Changa chokha chidzakhala choyera ngati cha khanda. Kuchimanga bandeji? Achemwali adzafuna kuona bala. Kuthawira ku Mandimba? Ndiye mpando wapita.

Ndikuzungulirazungulira kuseri kwa nyumba, ndinaona kabotolo pamwamba pa khola la nkhuku. Anali mankhwala a zilonda aja amene ku Malawi amati jivi, kuno timati violeta. Achemwali ankapaka tambala wawo amene anatuluka tizilonda kumutu.

Ndinayang'ana kabotolo. Kabotolo kanandiyang'ana.

Ndinanyika chala cholozera cha kumanja. Ndinachitulutsa, n'kuona kuti chachepa ulemu, ndiye ndinanyikanso mpaka pa mfundo yachiwiri. Nditachiumitsa padzuwa chinaoneka bwino zedi, chala cha nzika yeniyeni. Kenaka ndinakumbukira zimene buku langa limanena, kuti popanda chizindikiro chogwirika mlandu sulimba. Kabotolo kaja ndinakaponya m'chimbudzi. Ndinamva kakugwa pansi, ndipo ndinadziyamikira kuti kuwerenga n'kwabwino.

Ndikanakhala panyumba mpaka madzulo, bwenzi pano ndikuweruza mbuzi. Koma chala chotero sichilola kukhala m'nyumba. Chimafuna anthu. Dzuwa litakwera ndithu, ndinapesa tsitsi n'kuuyamba wa kusukulu kumene bairo yathu imavotera, kuti ndikangowapatsa moni.

Ndinapeza bisha, mzere uja, wafika mpaka kumpanda. Anthu anali phee. Ena atakhala pansi pa mitengo, amayi atafunda maambulera, ena akusenda nthochi. Mumtima ndinati, taonani mtundu wokonda dziko lake.

Ndinayamba kuyenda m'mbali mwa mzerewo pang'onopang'ono. Ndinakanda mphuno ndi chala chija. Ndinaloza mtambo. Ndinakonza kolala imene inali yokonzeka kale. Nditaona alamu ndi Che Saidi chakutsogolo, ndinakweza dzanja m'mwamba.

"Salaam aleikum, Che Saidi! Mukadali pamzere? Ife zatheka kale!"

"Aleikum salaam," anayankha, koma maso ali pachala. "A Jervazio, mwavota?"

"Kalekale!"

"Kuti?"

"Pompano. Chipinda chachiwiricho." Ndinaloza chitseko osachiyang'ana n'komwe.

Mayi amene ankasenda nthochi analeka kusenda. Alamu ananyamuka pakampando kawo, navula chipewa, n'kuyankhula motsitsa ngati pamaliro.

"Alamu, palibe amene wavota pano. Zitseko sizinatsegulidwe. Zipangizo zonse zafika, koma inki aiwala. Galimoto yapita kukaitenga."

Ndinatembenuka. Chitseko chinali chotseka. Pakhonde panakhala mphunzitsi wachitsikana, Purufesora Amelia, amene anali mkulu wa tebulo lovotera m'chipindamo, atagwira makiyi m'manja.

M'bairo monse, mwina m'sukulu monsemo, munthu wa inki pachala ndinali ine ndekha.

Nkhani inayenda mumzere ngati moto wa m'maudzu, koma mwakachetechete, khutu ndi khutu. Posakhalitsa panatulukira amuna awiri okhala ndi makadi pakhosi, madelegado a zipani ziwiri zopikisana, oyang'anira kuti mnzake asabe. Wina wamtali, wina wamfupi. Ndinamva pambuyo pake kuti chiyambire m'mawa anali asanapatsane moni. Chala changa ndi chimene chinawagwirizanitsa.

"Ndinanena ine!" anatero wamtali. "Inki ilipo! Aibisa mkatimo, akuvotetsa anthu awo pakhomo la kuseri!"

"Anthu a ndani?" anafunsa wamfupi. "Bamboyu ndi wanu!"

"Wathu? Sitimudziwa! Ndi wanu ameneyu, taonani nsapato!"

Vuto linali lakuti miyezi yonseyi ndinkangolalikira za oweruza, osatchula amene ndikumufuna. Ndiye chipani chilichonse chinali ndi ufulu wondikana.

Apa m'pamene alamu anaganiza zondipulumutsa. Anakweza dzanja, ndipo poti ndi munthu wolemekezeka, anthu anakhala chete.

"Calma, abale. Munthu uyu ndimadya naye. Ndimamudziwa. Sanama. Akati wavota m'chipinda chachiwiri, ndiye kuti wavota m'chipinda chachiwiri. Funso loyenera kufunsa ndi limodzi: wamutsegulira ndani?"

Mitu yonse inatembenukira kwa Purufesora Amelia.

Mtsikanayo anaimirira. "Ine sindinatsegulire munthu. Bambo awa sindinawaonepo. Ndalumbira pamaso pa Mulungu!"

"Tilemba lipoti," anatero wamtali akutulutsa cholembera. "Dzina lanu lonse, purufesora?"

Ndinaona misozi ikulengeza m'maso mwa mwana wa eni, amene anadzuka m'bandakucha kudzatumikira dziko, ndipo ntchito yake yauphunzitsi inali pafupi kuthera pachala changa. Ndine wabodza, inde, koma wabodza wa malire. Ndinakweza mawu.

"Abale, imani. Mtsikanayu alibe mlandu. Ine sindinavote. Karitawu ndilibe. Iyi si inki, ndi mankhwala a nkhuku."

Ndinatseka maso kudikira chiphokoso cha kuseka.

Palibe anaseka.

"Aliyense wogwidwa amatero," anatero wamfupi.

"Akuteteza mtsikanayu," mayi wa nthochi anauza mnzake. "Mwina pali kanthu."

Che Saidi anapukusa mutu mwachisoni. "A Jervazio, musadzinyoze chotero pofuna kuphimba ena. Inu? Opanda karitawu? Inu amene munandiyendera kunyumba kawiri kudzandikumbutsa kuti ndisataye yanga?"

Ndiye taonani tsoka langa. Miyezi yonse ija ndinamanga mbiri yolimba moti tsiku limene ndinanena zoona, panalibe wondikhulupirira.

Alamu anakhalanso pakampando kawo, navala magalasi. Nkhope yawo inasintha, inakhala ya kukhoti. Ndikukhulupirira kuti pansi pa mtima anali kusangalala pang'ono, chifukwa chipumire pantchito anali asanapezeko mlandu.

"Tichite mwadongosolo," anatero. "Inki ya chisankho sichoka ndi sopo. Ngati ali mankhwala wamba, achoka. Tipatseni madzi."

Panabwera beseni ndi sopo kuchokera kunyumba yoyandikana ndi sukulu. Ndinasamba chala ndi mtima wonse. Thovu linatuluka loyera bwino. Chala chinatuluka chowala kuposa kale.

"Phulusa!" wina anafuula.

Anabweretsa phulusa. Kenaka ndimu. Kenaka mchenga. Ndinakhula mpaka khungu kuyamba kutentha. Che Saidi anafunsa mwaulemu ngati ndingalole kuti ayeseko ndi kampeni kawo kopalira mamba, ine ndinathokoza n'kukana. Amene munapakidwapo violeta muli ana mukudziwa: mankhwala aja akakugwira amakhala ngati wachibale wochokera kumudzi, sanena tsiku lobwerera.

"Inki yeniyeni," anatero wamtali mokhutira. "Ndipo yabwino kuposa ya chisankho chathachi."

"Chabwino," alamu anapitiriza. "Woimbidwa mlandu akuti pali botolo la mankhwala. Litengedwe tilione. Lili kuti?"

Ndinayang'ana pansi.

"Alamu, botolo lili kuti?"

"M'chimbudzi."

"Pashelefu?"

"Pansi."

Mumzere munamveka kung'ung'udza. Wamfupi analemba kanthu m'kabuku kake n'kudula mzere kunsi kwake kawiri.

Apo nzeru inandibwerera. "Kaderno! Tsegulani buku la mayina a ovota! Ngati ndinalembetsa, dzina langa lilimo. Mukapanda kulipeza ndiye kuti ndikunena zoona!"

Purufesora Amelia anathamangira mkati, madelegado ali pambuyo pake, n'kutuluka ndi mabukuwo. Anayendetsa chala tsamba ndi tsamba. Anabwerekanso a zipinda zina. Ine ndinaima pamenepo ndikupemphera pemphero limene sindikhulupirira kuti nzika ina inapempherapo pa tsiku la chisankho: Ambuye, dzina langa lisapezeke.

"Mulibe," anatero mtsikanayo.

"Mwamva!" ndinafuula mokondwa, manja m'mwamba. "Mulibe! Ine mulibemo!"

"Ndiye zafika poipa," anatero wamtali pang'onopang'ono. "Munthu wavota asali m'kaundula."

"Siriyasi," wamfupi anavomereza, ndipo awiriwo anagwirana chanza.

Nthawi yonseyi achemwali anali pamzere wa amayi, manja atapinda pachifuwa. Ndinawayang'ana ndi maso opempha. Iwo anandiyang'ana monga ankandiyang'anira tili ana ndikaswa chikho. Kenaka anavula patapata mmodzi, namusiya pamalo pawo kuti awasungire mzere, n'kuchoka akutsimphina ndi phazi limodzi losavala.

Tinadikira. Wina anandipatsa nthochi, ndipo ndinaisenda ndi dzanja lamanzere.

Patapita kanthawi achemwali anatulukira pageti, m'khwapa atapanira tambala.

Anadutsa pakati pa anthu osayang'ana kumbali, n'kukaima pamaso pa amuna awo. Tambalayo anali wamkulu, wofiira, ndipo mutu wake wonse, kuyambira kanyama ka pamwamba mpaka m'masaya, unali wa mtundu wa maluwa a jakaranda.

"Bambo a kunyumba, mboni yanu iyi," anatero achemwali. "Masiku atatu ndakhala ndikumupaka. M'mawa uno botolo linali pakhola, mankhwala ali theka. Pano palibe. Achimwene, bweretsani chalacho."

Ndinachipereka. Anachigwira n'kuchigundika pamutu pa tambala. Tambala anachiyang'ana cham'mbali, n'kuchijompha.

Alamu anawerama, nakonza magalasi. Anayang'ana chala, anayang'ana mutu. Anauza achemwali kuti atembenukire kudzuwa. Madelegado anayandikira, wina uku wina uku. Che Saidi ananunkhiza chala changa, kenaka tambala, ngati akulawa tiyi.

"Mtundu ndi umodzi," alamu analengeza.

"Fungonso," anatero Che Saidi. "Kungoti tambalayu wasamba."

Wamfupi anakanda m'mutu ndi cholembera, n'kufunsa ndi nkhope yosaseka: "Tsono tambalayu wavotera chipinda chiti?"

Apo ndiye bisha yonse inagwa. Amayi anagwirana mapewa, madala anapukuta misozi ndi zipewa. Wapolisi amene anaima kutali monga lamulo limanenera anabwera kudzaona ngati kwabuka ndewu. Atamva nkhani yonse anaganiza kwa kanthawi, n'kunena kuti pa maphunziro ake onse sanakumanepo ndi ndime yoletsa munthu wamkulu kudzipaka mankhwala a nkhuku. Anabwerera pamalo pake mapewa akugwedezeka.

Anthu asanamalize kuseka, galimoto ija inalowa ndi inki. Zitseko zinatsegulidwa. Woyamba kuvota anali gogo wina woyenda ndi ndodo, ndipo atatuluka anthu anamuzungulira kuti aone. Inki yeniyeni inali yakuda bii, kansonga ka chala kokha. Gogoyo anayang'ana chake, nayang'ana changa chowala mpaka pa mfundo yachiwiri.

"Mwanawe," anatero, "iwe unkafuna kuvotera mapulezidenti angati?"

Ndinapita kwa Purufesora Amelia chipewa chili m'manja. "Desculpa, mwanangu. Ndakulakwira kwambiri."

Anali atayambiranso kupuma bwino. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Palibe kanthu, bambo. Koma ana anga a kalasi yachiwiri akafuna kunama, amasankha bodza lochapika."

Achemwali anavalanso patapata wawo, n'kundipanikiza tambala pachifuwa. "Mubwerere naye kunyumba. Ine ndili ndi voti yoti ndiponye. Ndipo mumupatse madzi, wagwira ntchito."

Ndinayenda kutsika mzere wonse uja, kuchokera pakhonde mpaka pageti, tambala m'khwapa, tonse awiri a mtundu umodzi. Palibe anandinyoza. Ankangondipatsa moni mwaulemu kwambiri, wina aliyense payekha, ndipo ena ankapatsanso moni tambalayo.

Masiku otsatirawo alamu sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Ankangoti "bom dia" m'mawa, basi. Pansi pa mapichesi wailesi inkalankhula yokha za kuwerenga mavoti, ndipo ikatchula za makhoti amene adzaweruze madandaulo a chisankho, ine ndinkatsegula pakamwa mwachizolowezi, n'kutsekanso. Ndinaganizapo zolongedza kachikwama kanga n'kulowera ku Cuamba. Koma kanthu kena kankandiuza kuti mwina anthu aona kuti ndinaulula ndekha pofuna kupulumutsa mtsikana uja. Kodi chimenecho si chimene timafuna mwa woweruza? Ndinayamba kudzikhululukira mofulumira kwambiri.

Loweruka ndinapita kumsonkhano, dzanja lamanja lili m'thumba. Anthu anadzaza pabwalo la sekeletale wa bairo. Alamu anaimirira n'kulankhula bwino kwambiri, monga mwa masiku onse: kuti woweruza, kaya wa kulikulu kaya wa mbuzi, asasankhidwe mothamanga, asasankhidwe chifukwa cha ubale, ndipo afufuzidwe kaye mpaka kuphazi. Pa mawu akuti ubale sanandiyang'ane, ndipo kusandiyang'anako kunamveka bwalo lonse.

Anatchula mayina awiri. Langa panalibe. Anthu anakweza manja, ndipo mpando unapita kwa mayi wina amene anali mzamba kuchipatala mpaka kupuma, wa imvi mutu wonse, woti theka la anthu a pabwalopo anawalandira ndi manja ake pobadwa. Achemwali analulutira kuposa aliyense.

Pobwerera tinayenda atatu, ine, alamu ndi Che Saidi. Tinadutsa msika wonse. Pafupi ndi nyumba ndinalephera kupirira.

"Alamu, ndiye mwandikana chifukwa cha chala chimodzi?"

Anaima. Anavula chipewa, n'kuchiyang'ana mkati ngati yankho analisunga mmenemo.

"Alamu, palibe wakukanani. Kuti munthu akanidwe ayenera kupezeka kaye. Ife tinachita zonse mwadongosolo. M'buku la ovota, mulibe. Tinapita kwa sekeletale kukaona buku la anthu okhala m'bairo muno, mulibe. Kutchalitchi anakufufutani kalekale poganiza kuti munafera ku Joni. Malinga ndi mapepala, inu mukadali paulendo. Mukadzafika, tidzakuganizirani."

"Ndiye panyumba panu paja," ndinafunsa, "palibe buku ngakhale limodzi losonyeza kuti pamakhala mwamuna wina kupatula inu?"

Alamu anayang'ana Che Saidi. Che Saidi anatsokomola pang'ono.

"Lilipo limodzi," anatero. "La alangizi a ziweto, la katemera wa chitopa. Koma mmenemo, a Jervazio, analembamo tambala."

Phunziro ndi ili, abale: usanayambe kuonetsa anthu chala, yamba wafunsa ngati inki yafika.